Mlembi akasemphana ndi cholembera chake, tikhumudwe naye kapena timumvetse?

Munthu wobadwira ku Phalombe amakula phiri lili m'maso. Mbali iyi Michesi, mbali iyo Mulanje, pakati pake mpata wa Fort Lister. Pamwamba penipeni pa Mulanje pali Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002, kumene makolo ankati ndi kwa mizimu. M'chaka cha 1981 mwana wa ku Chiringa, Ken Lipenga, anainyamula nsongayi n'kuilowetsa m'buku. Bukulo ndi la nkhani zifupizifupi za m'Chingerezi, dzina lake Waiting for a Turn, ndipo analisindikiza ndi a Popular Publications ku Limbe. Nkhani imene inapatsa bukulo dzina imatifikitsa pa Sapitwa, pamene pandanda chinamtindi cha anthu, olemera ndi osauka omwe, onse pamzere umodzi wautali. Aliyense moyo wamukwana, ndipo akudikira kuti nthawi yake ifike akadziponye kuphompho.

Nkhaniyi ndinaiwerenga ndili mnyamata, ndipo kwa masiku angapo ndinkati ndikayang'ana phiri, mzere uja unkandibwerera m'maso. Chinandinyaditsa kwambiri n'chakuti wolemba wake anali wakwathu konkuno, womwa madzi a m'mitsinje yomweyi.

Patapita zaka 30, mzere uja unatsika m'phiri. Amene analipo mu 2011 ndi kumayambiriro kwa 2012 akukumbukira: galimoto kuchezera usiku wonse pamalo omwetsera mafuta, madalaivala kugona pachiwongolero, zigubu kufola ngati ana a sukulu, amalonda kudikira ndalama zakunja kubanki mpaka kugwa ulesi. Kuyambira mu Seputembala 2011, nduna ya zachuma m'boma limene linali pakati pa mavutowo anali Dr. Ken Lipenga. Munthu amene analemba za anthu odikira pamzere tsopano anali m'gulu la amene mzerewo unkawaloza chala.

Mtsutso wathu wagona pamenepa. Kodi wowerenga ali ndi chifukwa chomveka chokhumudwira mlembi amene njira yake yapatukana ndi zimene analemba? Kapena kukhumudwako n'kulakwa kwa wowerenga yemweyo, amene anayembekezera mngelo pamene panali munthu?

Tisanamve mbali ziwirizi, tiyambe tadziwa njira imene a Lipenga anayenda. Anabadwa mu 1952. Anaphunzira ku Chancellor College ku Zomba, kenako ku Leeds ku Mangalande, ndipo digiri ya udokotala wa zolembalemba anakaitenga ku New Brunswick m'dziko la Canada. Anaphunzitsa pa Chancellor College pomwepo, kenako n'kukhala mkonzi wamkulu wa Daily Times ndi Malawi News, nyuzipepala zomwe zinali m'manja mwa Kamuzu ndi anthu ake. Mphepo ya matipate itayamba kuomba anachokako, ndipo mu 1993 anakhala mkonzi wamkulu woyamba wa The Nation, imodzi mwa nyuzipepala zimene zinathandiza kutsegula pakamwa pa Amalawi. Atagwirako ntchito mu ofesi ya Pulezidenti Bakili Muluzi, anakhala phungu wa Phalombe East kuyambira 1997 mpaka 2014, ndipo anakhalapo nduna m'maboma atatu: la a Muluzi, la a Bingu wa Mutharika ndi la mayi Joyce Banda.

Mbali yoyamba: kukhumudwa n'koyenera

Okhumudwa amayamba ndi funso lakuti mlembi ndi yani. Amati kalipentala akakukhomera mpando, sufunsa ngati amapita kutchalitchi. Mpandowo ukalimba, nkhani yatha. Koma mlembi sagulitsa matabwa. Malonda ake ndi mawu, ndipo mawu amagulidwa ndi chikhulupiriro. Wowerenga amamutsegulira mtima chifukwa akuona kuti uyu akunena zimene iye mwini wakhala akuzimva koma osatha kuzitchula. Choncho buku lililonse lili ngati lonjezo: ine ndaona kuvutika kwanu ndipo ndili mbali yanu. Mlembiyo akadzapezeka tsidya linalo, wowerenga amamva ngati munthu amene anaulula chinsinsi chake kwa mnzake wapamtima, n'kudzamupeza mnzakeyo akumwa tiyi kwa mdani.

Amati ku Malawi kuno nkhaniyi imalemera kuposa kwina chifukwa cha nthawi imene mabukuwa analembedwa. Lamulo lokhazikitsa bungwe lopima mabuku ndi zisudzo linabwera mu 1968, ndipo kuyambira pamenepo mlembi aliyense ankalemba akudziwa kuti pali diso limene liwerenge asanawerenge ena onse. Achinyamata amene anayambitsa gulu la alembi la Writers Group pa Chancellor College mu 1970 anaphunzira kulankhula mophiphiritsa: bilimankhwe, Napolo, mizimu, mapiri. Ena mutu unawawawa chifukwa cha zimenezo. Jack Mapanje, amene buku lake la ndakatulo linatuluka chaka chomwecho cha 1981, anamangidwa mu Seputembala 1987 n'kukhala kundende ya Mikuyu mpaka Meyi 1991 popanda kuimbidwa mlandu. Felix Mnthali analawako ndende. Frank Chipasula ndi Legson Kayira anakhala zaka zambiri kunja. Pa nthawi imene mtundu wonse unali duu, alembi ndi amene anali pakamwa pake. Ndiye amene anali m'gulu limenelo, atero okhumudwa, anasenza ngongole imene wandale wamba alibe.

Ngongoleyo, akuti, inafika poibweza mu 2011. Mu Januwale chaka chimenecho Pulezidenti Bingu wa Mutharika anasainira kusintha kwa gawo 46 la malamulo a milandu, kupatsa nduna mphamvu zoletsa nyuzipepala kapena buku lililonse lomwe yaliona kuti silikomera dziko. Mu Febuluwale mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitanitsa mphunzitsi Blessings Chinsinga kukamufunsa za zimene anaphunzitsa m'kalasi, ndipo mkangano umene unabuka unaimitsa maphunziro pa Chancellor College kwa miyezi yambiri. Sukulu imeneyi ndi yomwe ija inaphunzitsa a Lipenga, iwonso n'kuphunzitsapo. Pa 20 Julayi anthu anatuluka m'misewu kudandaula za mafuta, ndalama zakunja ndi ulamuliro, ndipo pafupifupi 20 anaphedwa pazionetserozo. Pasanathe miyezi iwiri, mkonzi wakale uja analandira unduna wa zachuma m'boma lomwelo. Okhumudwa amafunsa: munthu amene ankadziwa kuwawa kwa cholembera chomangidwa, zinatheka bwanji kukhala patebulo limenelo?

Kenako panabwera nkhani ya ziwerengero. Boma la a Mutharika, litayambana ndi mayiko otithandiza, linakonza bajeti yodalira misonkho yathu yokha. Kumayambiriro kwa 2012 phungu George Nnensa ananena m'Nyumba ya Malamulo kuti bungwe lotolera misonkho la MRA linakongola ndalama kumabanki n'cholinga choti zioneke ngati misonkho ikukwana. Nduna ya zachuma inakana. A Mutharika atamwalira mu Epulo, nduna yomweyo inavomera mu Meyi kuti ngongoleyo inatengedwadi. Kwa okhumudwa, apa ndi pamene panapweteka koposa. Akuti wandale wina aliyense akanatero sitikanadabwa, koma uyu ntchito yake yoyamba inali yofukula choonadi.

Amaonjeza kuti njira ina inalipo, ndipo wina anaiyendapo kale. David Rubadiri, mlakatuli, anali kazembe woyamba wa Malawi ku America ndi ku United Nations. Atasemphana ndi ulamuliro wa Kamuzu pambuyo pa mkangano wa nduna wa 1964, anatula pansi udindo mu 1965 n'kukhala moyo wa kunja kwa zaka zambiri. Anataya malipiro, anataya kwawo, koma dzina analisunga. Ngati Rubadiri anatha, ena analephera bwanji?

Mfundo yawo yomaliza ndi ya ana. Mtsikana wa ku Migowi kapena mnyamata wa kwa Nkhulambe amene akufuna kudzakhala mlembi amaphunzira chiyani akaona munthu mmodzi akudutsa UDF, DPP ndi PP, ali nduna konseko? Okhumudwa amaopa kuti phunziro lake ndi lakuti mawu ndi makwerero chabe: umakwerapo, ukafika padenga n'kuwakankhira pansi. Akulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Mlembi, mwa anthu onse, ndi amene amayenera kukumbukira mame aja, poti ndi iye anatiuza kuti amanyowetsa.

Mbali yachiwiri: timumvetse

Otsutsa amayambira pa buku lenilenilo. Amati tiyeni tilitsegule tione ngati muli lumbiro lililonse. Nthano si kalata ya mfundo za chipani. Nkhani ya pa Sapitwa siitchula boma, siitchula nduna, ndipo silonjeza kuti wolemba wake sadzalowa ndale. Ikukamba za kutaya mtima kwa munthu, komwe kulipo m'boma lililonse. Chifukwa alembi a nthawi ija ankabisa mawu, owerenga anazolowera kufukula tanthauzo paliponse, ndipo nthawi zina ankafukula zimene anakwirira okha. Tinawerenga masamba owerengeka, n'kuumba munthu wathuwathu m'maganizo, kumupatsa mtima umene tinkafuna, kenako munthu weniweni atatulukira n'kuyamba kumuimba mlandu wosafanana ndi chiboliboli chathu. Wolakwa ndani pamenepa?

Akuti ngakhale njira ya a Lipenga siinali yobisika. Munthu amene anali mkonzi wamkulu wa nyuzipepala za Kamuzu zaka za m'ma 1980 sanayambe mu 2011 kugwira ntchito m'kati mwa nyumba ya olamulira. Moyo wake wonse wakhala wa munthu wogwirira ntchito m'kati, osati woponya miyala ali panja. Amene anamutenga ngati Mapanje wachiwiri anasokoneza anthu awiri osiyana. Ndipo okhumudwa akamawerenga zaka, amalumpha 1993, chaka cha riferendamu, pamene kukonza nyuzipepala yosakhala ya boma kunali kuika khosi pampeni. Ngati tikulemba zolakwa m'kaundula, zabwinonso zilowe momwemo.

Mfundo yawo yachiwiri ndi yakuti kulemba ndi kulamulira ndi ntchito ziwiri. Mlembi amakhala yekha ndi pepala, ndipo pepala silimutsutsa. Nduna imakhala ndi anzake patebulo, pansi pa mtsogoleri amene anaisankha, ndipo mwambo wa nduna ndi wakuti zimene mwagwirizana m'chipinda mumaziteteza limodzi panja, ngakhale iwe unatsutsa. Zimene munthu ananena m'chipindamo ife akunja sitizimva. Kutula pansi udindo kumamveka bwino m'nyuzipepala, koma mpando sukhala wopanda munthu; mawa lake pamakhala wina, mwina woipa kuposa. Pa nkhani ya MRA, otsutsawa amakumbutsa kuti a Lipenga anati nawonso anapatsidwa chithunzi cholakwika, ndipo komiti ya nduna imene anaitsogolera wachiwiri kwa Pulezidenti, a Khumbo Kachali, inawapeza opanda mlandu. Amakumbutsanso kuti nduna yomweyi ndi imene inali pampando mu 2012 pamene ubale ndi mayiko otithandiza unabwerera ndipo mafuta anayambanso kupezeka. Zoti sanabwererenso m'gulu la nduna mu Okutobala 2013, mayi Banda atachotsa nduna zonse nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma ya Cashgate itaphulika, si chigamulo cha khoti, ndipo tisachisandutse chigamulo.

Mfundo yachitatu ndi ya kumudzi. Kodi okhumudwawo ndi ndani? Ambiri ndi ophunzira, owerenga Chingerezi, okhala m'tauni. Mayi wolima nandolo ndi mpendadzuwa ku Chiringa sanasankhe phungu chifukwa cha nthano za m'buku. Phalombe ndi boma laling'ono limene linadulidwa ku Mulanje mu 1998, ndipo ndi dera lodziwa tsoka: madzi ndi miyala zinatsika m'phiri mu Malichi 1991 n'kupha anthu ambiri, namondwe Freddy n'kudzabwerezanso mu Malichi 2023. Anthu otere akamavota amafunsa za mlatho, mjigo, chipatala ndi feteleza, ndipo amadziwa kuti phungu wokhala kumbali ya boma ndi amene mawu ake amafika msanga. Kusintha chipani kumene wa m'tauni amakutcha kusakhazikika, wa kumudzi angakutche kutsata kumene kuli chitukuko. Kwa zaka 17 anthu a ku Phalombe East anamusunga phungu wawo. Kodi owerenga mabuku ali ndi mphamvu yanji yonena kuti ovota onsewo analakwitsa?

Pomaliza otsutsa amati tikayamba kutaya mabuku chifukwa cha moyo wa owalemba, mashelefu atsala mbee. Jean-Jacques Rousseau analemba Émile mu 1762, buku limene linasintha maganizo a dziko pa kaleredwe ka ana, koma ana ake asanu anakawasiya kunyumba ya ana otayidwa ku Paris. Thomas Jefferson analemba chikalata cha ufulu wa America mu 1776, chonena za kufanana kwa anthu onse, chonsecho pa moyo wake anasunga akapolo oposa 600. Ferdinand Oyono wa ku Cameroon analemba Houseboy mu 1956, kuvula atsamunda poyera, kenako n'kukhala nduna ya Paul Biya zaka zambirimbiri. Ngakhale m'tchalitchi timaimba masalimo a Davide tikudziwa zimene anachitira Uriya. Woumba mbiya akhoza kudyera m'phale, koma mbiya yake imasungabe madzi. Ndipo dziko ngati lathu, limene mabuku olembedwa ndi ana ake ndi owerengeka, lingakwanitse bwanji kutaya ngakhale limodzi?

Kuyeza mbali ziwirizi

Ndikaika mfundozi pasikelo, ndimaona kuti mbali zonse zikusakaniza milandu itatu imene iyenera kuzengedwa padera.

Pali mlembi amene amalemba zabwino koma moyo wake wa kunyumba ukulephera kufika pamene mawu ake afika. Uyu ndi munthu ngati ife tonse. Ndani mwa ife sanalangizepo mwana chinthu chimene iye mwini amalephera? Pali mlembi wina amene anasintha maganizo n'kunena poyera kuti kale ndinkaganiza chakuti, lero ndaona zina. Uyu tikhoza kutsutsana naye, koma sanatinamize. Ndiye pali wachitatu, amene analemba za ufulu ndi chilungamo, n'kulandira mphamvu, n'kugwiritsa ntchito mphamvuzo kupondereza zomwe analembazo, kwinaku akudzitchabe mwini mawu aja.

Zitsanzo za wachitatuyu sitisowa kukazifuna kutali. Bingu wa Mutharika, amene anthu a ku Phalombe anamukonda ndi kumuvotera mwaunyinji, anali mlembi. Mu 1995 anatulutsa One Africa, One Destiny, buku limene mutu wake womwe ukutchula demokalase ndi ulamuliro wabwino, ndipo ali pampando anatulutsanso The African Dream. Koma dzanja limene linalemba mabukuwa ndi lomwe linasainira gawo 46, ndipo ndi boma lake limene linathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, mu Epulo 2011 chifukwa cha kalata yonena kuti mtsogoleriyo sakufuna kudzudzulidwa. Kamuzu naye, mu 1946, anathandizana ndi Cullen Young kutulutsa Our African Way of Life, buku lotamanda miyambo yathu, ndipo mu 1968 anakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha dziko. Koma pamisonkhano ankalankhula Chingerezi, wina n'kumamasulira, ndipo pasukulu yake yapamtima ya Kamuzu Academy, yomwe inatsegulidwa mu 1981 ku Mtunthama, ulemu unapita ku Chilatini ndi Chigiriki. Munthu amene anatsekeredwa kundende ya Gwelo popanda mlandu mu 1959 ndi yemwe anadzaza Mikuyu ndi anthu osazengedwa milandu.

Chilungamo chikufuna kuti tinene kuti a Lipenga sali pamzere umodzi ndi awiriwa. Sanali mwini mphamvu. Anali wotumikira eni mphamvu. Koma chilungamo chomwecho sichilola kuti tinene kuti palibe funso loti ayankhe. Apa ndi pamene ndimasiyana ndi mbali yachiwiri. N'zoona kuti nthano si lumbiro, koma a Lipenga sanali wolemba nthano chabe. Anali mkonzi wa nyuzipepala, ndipo ntchito ya mkonzi imaima pa mfundo imodzi yosaphiphiritsa: anthu ali ndi ufulu womva zoona. Amene anadya nsima ya ntchito imeneyo sangadabwe anthu akamuyeza ndi muyeso womwewo. Mfundo yakuti ovota anamusankha siyankha funsoli, chifukwa ovota ankayankha funso la mlatho, owerenga akufunsa la choonadi, ndipo mafunso onsewa ndi oyenera. Mapanga awiri avumbwitsa: wolowa ndale atanyamula dzina la ulembi adziwe kuti mvula idzamupeza pakati.

Komanso ndimasiyana ndi ena a mbali yoyamba, amene akakhumudwa amafika ponena kuti buku la munthu wotere sadzaligwiranso. Ndiwafunse: kukhumudwa kwanuko munakutenga kuti? Mu 2011 nduna zinalipo zambiri, koma simunagone tulo chifukwa cha mmodzi yekha. Chifukwa chake n'chakuti mmodziyo ndi amene anakuphunzitsani kuona mzere wa anthu otaya mtima n'kuumvera chisoni. Diso limene mukumuonera kulakwa anakutsegulani ndi iye yemwe. Mukataya bukulo, mwataya mboni yaikulu pamlandu wanu womwe. Buku likatuluka m'manja mwa wolemba limakhala ngati mwana wokula: limakhala ndi moyo wakewake, ndipo likhoza kuimirira pabwalo n'kutsutsa bambo ake. Amene akufuna kudziwa pamene a Mutharika anapatuka, awerenge One Africa, One Destiny, ayike pambali pake zochitika za 2011, sadzasowa womuuza.

Palinso phunziro kwa ife owerenga. Tili ndi chizolowezi chokweza munthu pamwamba kwambiri, kaya ndi mlembi, m'busa, woimba kapena wandale, kenako akaterereka timagwa naye limodzi. Zaka 30 za kuombera m'manja munthu mmodzi zinatisiyira matenda amenewa. Mlembi tiyenera kumulemekeza chifukwa cha luso lake ndi kumufunsa mafunso chifukwa cha udindo wake, zonse ziwiri nthawi imodzi. Kunyadira kuti ndi mwana wakwathu kusatitseke pakamwa, ndipo kukhumudwa kusatitseke maso.

Chigamulo changa ndi ichi. Kukhumudwa n'koyenera, ndipo wowerenga asachite nako manyazi, chifukwa ndi chizindikiro chakuti mawu anawatenga mozama. Koma kukhumudwako kulunjike kwa munthu ndi zochita zake, osati kwa buku. Bukulo lisakhale chishango chobisalirapo mlembi, kuti poti analemba bwino ndiye asafunsidwe. Lisakhalenso nkhuni zosonkhera mkwiyo wathu.

Kwa alembi athu amene analawa unduna ndi maudindo ena a boma, pempho langa ndi lakuti mutenge cholembera mutiuze zimene munaona m'zipinda zija: pamene munatsutsa, pamene munangokhala chete, ndi chifukwa chake. Mlandu suola, ndipo ndi bwino muufotokoze nokha kusiyana n'kuti adzaufotokoze ena inu kulibe. Kwa aphunzitsi a m'sukulu za ku Phalombe, kuyambira ku Migowi mpaka ku Chiringa, pezani Waiting for a Turn muwapatse ana awerenge, adziwe kuti mwana wa pansi pa phiri lomweli analemba nkhani yomveka dziko lonse. Akamaliza, muwauzenso za mizere ya 2011 ndi za ziwerengero za 2012, osachotsera kapena kuonjezera. Kenako muwasiye atsutsane okha.